Bawuti la Kumbuyo pa Njinga ya Gelevazio

Ana inu, mawu ena amene aphunzitsi amakulembetsani m'makope sadayambire m'kalasi. Adayambira pafumbi, kwa anthu oti choko sadachigwirepo. Amene mumve lerowa adayambira pamsika wa Kamtsetse, m'mapiri a ku Ntcheu, kumene mbatatesi imatsika pa njinga zamoto kupita kumsewu wa tala. Khalani pansi mumve bwino, pakuti mwini nkhaniyi kukhala pansi ndiko kudamukanika.

Dzina lake adali Gelevazio Ngozo. Kwawo kudali kutsidya kwa Livulezi, koma adakwatira ku Kamtsetse ndipo ankakhala chikamwini pamudzi pa mkazi wake, naSoko. Amene sadakhalepo mkamwini asamachulutse zonena. Mkamwini nyumba amamanga yekha koma malo si ake. Munda amalima yekha, koma nkhokwe ikadzaza amati mwana wathu wakolola. Akangotsamira khoma pang'ono, mudzi wonse umadziwa kuti kudabwera mlesi.

Mwini mbumba pamudzipo adali a Potifala, malume ake a naSoko. Adali munthu wamtali, wosakweza mawu, woyenda manja ali kumbuyo ngati kapitawo wa pa esiteti. Sankatukwana munthu. Akakupeza utakhala ankangoti, "Akamwini, mwapumula?" Basi, n'kumapita. Mawu awiri okhawo ankamuyabwa Gelevazio kuposa chitedze.

Mayi ake a naSoko pomwalira adamusiyira mwana wawoyo ng'ombe ziwiri za ngolo. Gelevazio adanyengerera mkazi wake chaka chathunthu kuti azigulitse, agule njinga yamoto yochitira kabaza. Pomaliza naSoko adalola. A Potifala ataona kuti mwini ng'ombe walola, adaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndipo adanena pamaso pawo kuti:

"Ng'ombe imadya udzu wa Mulungu, ikakalamba timadya nyama. Chitsulo chikafa sitidya. Akamwini, njingayo ndi ng'ombe za mlongo wanga. Tsiku limene idzafe, mudzanyamule bulangete lanu, mudzawoloke Livulezi."

Gelevazio adawomba m'manja n'kunena kuti wamva.

Kuyambira tsiku limenelo munthu uja sadaimenso. Pasiteji ya akabaza ankafika woyamba, mame asadaume. Chimanga chootcha ankadyera panjinga, phazi limodzi lili pansi, injini ikulira. Ankanyamula chilichonse: matumba a mbatatesi, mbuzi yomangidwa miyendo, malata, amayi opita ku sikelo ndi ana awo. Akatsitsa munthu sankadikira kuti amuthokoze, adali atatembenuka kale. Ngakhale Lamulungu ankafika kutchalitchi pa nyimbo yomaliza, fumbi lili m'nsidze. Anthu ankati Ngozo ndi wolimbikira. Zoona, ankalimbikira. Koma chimene chinkamuthamangitsa kwenikweni ndi mantha oti wina angamuone atakhala.

Tsono mvetsani za njinga yamoto, poti ambiri mumangoikwera osadziwa chimene mwakhalira. Injini ija siidawotcheredwe ku fulemu ayi. Imagwidwa ndi mabawuti ataliatali, lina kutsogolo, lina kumbuyo, ndipo pomwe bawuti limadutsa pamakhala timphira tolimba tomwe amakaniko amati mabushi. Timphirato ndi timene timameza kunjenjemera kwa injini. Tikadyeka, chitsulo chimayamba kumenya chitsulo chinzake, mabowo amakula, injini imayamba kuvina m'malo mwake. Msewu wa ku Kamtsetse ndi wa miyala ndi mabampu okhaokha. Njinga ya Gelevazio, yosapuma ija, idadya mabushi ake chaka chisadathe.

Poyamba magalasi ndiwo adayamba kunjenjemera, osaonetsa kanthu kumbuyo. Iye adangowachotsa. Kenako manja ake adayamba kuchita dzanzi akayenda mtunda wautali. Kenako padayamba kumveka kaphokoso pansi pa thanki nthawi iliyonse akasintha giya, kuti gu, ngati wina wamenya mtondo ndi musi.

Pamsikapo padali makaniko mmodzi, a Sumani, ochokera ku Balaka, amene ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mthethe kuseri kwa chigayo. Adali munthu wa pang'onopang'ono, woti sipanala akaigwira amayamba waipukuta. Tsiku lina Gelevazio adaima pamenepo kuti apopetse tayala, ndipo a Sumani adagwira injini ndi dzanja limodzi n'kuikankha. Idagwedera ngati dzino la nkhalamba.

"A Ngozo, mabushi atha awa. Bweretsani njingayi tiike ena pamodzi ndi mabawuti atsopano."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mukabwera m'mawa, dzuwa likamafika pamutu mwanyamuka."

"M'mawa wonse?" Gelevazio adali atakwera kale. "Ndibwera mawa, achimwene. Lero kuli anthu."

Mawa lake kudalinso anthu. Mkuja kudali maliro kwa Gongolo, oti anthu opita kumeneko adali ambiri. Sabata yotsatira mbatatesi idayamba kukumbidwa. Gelevazio adadula chubu chakale, n'kulenga mphira zazitali, n'kukulunga injini ku fulemu molimba ngati akumanga mtolo wa nkhuni. Kaphokoso kaja kadachepa masiku atatu. Mphira zitatentha zidaduka, iye adamanganso zina, pamwamba pake n'kuwonjezera waya.

Pasiteji padali mnzake wina wa pakamwa, dzina lake Layitoni, amene sankalola kanthu kumudutsa.

"Aise Ngozo, njinga yakoyi yavala mikanda ngati namwali. Chinamwali chake n'cha liti?"

"Iwe samala yako."

"Yanga ili bwino. Yakoyo ikamabwera timaimvera kuseri kwa phiri, timayesa kwabwera gule. Pita kwa a Sumani, mbale wanga, asadakutole ndi fosholo."

"Ndipita mawa."

"Mawa lakolo lili ndi ana angati tsopano?"

Anzawo adaseka, koma Gelevazio adali ataona kale mayi wina akutsika minibasi ndi katundu, ndipo adathamangira komweko.

Amene adaona kuti zinthu zafika poipa ndi naSoko. Tsiku lina adamupatsa mwamuna wake kapu ya thobwa, ndipo adaona thobwalo likutayikira pa thalauza. Manja a munthu uja ankanjenjemera okha ngakhale njinga ili chizimire panja.

"Bambo a Yankho, manjawo atani?"

"Kuzizira."

"Mwezi wa Okutobala uno? Musandipusitse. Ndidakumana ndi a Sumani kuchigayo, adandiuza zonse. Akuti akhala akukuitanani kuyambira chimanga chili m'munda."

"A Sumani akufuna ntchito basi."

"Nanga ine ndikufuna chiyani? Njingayo ndi ng'ombe za mayi anga. Ikafa, inu mukuwoloka mtsinje, ine nditsala ndi mwana, wopanda ng'ombe, wopanda mwamuna. Mukuganiza kuti amalume adaiwala zimene adanena?"

Gelevazio adaimirira, adakhalanso, adaimiriranso.

"Ndiye ndikakhale pansi pa mtengo m'mawa wonse, mudzi wonse ukundiona?"

"Mudzi ukuoneni. Sudzakuthyolani mwendo."

M'mawa mwake, Lachisanu, Gelevazio adafunafuna kiyi wa njinga osamupeza. NaSoko adali atamumangirira kunsonga ya chitenje. Adati kiyiyo amupereka pokhapokha akalonjeza kuti ulendo woyamba ndi wa kwa a Sumani, ndipo iye mwini akwera kumbuyo. Adapitadi. Atafika pansi pa mthethe paja, naSoko adapereka kiyi m'manja mwa makaniko.

"Bambo, munthu wanu ndi uyu. Musamupatse kiyiyu mpaka mutamaliza."

"Mayi, ine ndimakonza njinga, anthu sindiwatha," adatero a Sumani akuseka. Komabe kiyi adamuika m'thumba la ovolosi.

NaSoko adabereka mwana n'kupita ku sikelo.

A Sumani adaimika njinga bwinobwino, adaika chipika pansi pa injini kuti isagwe, ndipo adayamba kudula mphira ndi mawaya aja akupukusa mutu. Bawuti la kutsogolo silidavute. Adalimasula, adagogoda mabushi akale omwe adatuluka ali zidutswa ngati makala, adalowetsa atsopano, adaika bawuti latsopano n'kulimanga pang'ono. Gelevazio adaona kuti zinthu zikuyenda, mtima udakhala pansi kamphindi.

La kumbuyo ndilo lidakana. Lidali litachita dzimbiri chifukwa cha matope a dzinja lonse. Nati yake idakanika ndi sipanala mpaka a Sumani adaidula ndi tchizulo. Atagogoda bawutilo ndi hamala, lidasuntha pang'ono chabe n'kuima. Adatenga kabotolo ka oyilo wosakaniza ndi palafini, adathira mbali zonse ziwiri, kenako adapukuta manja n'kukhala pa tayala lakale.

"Bwanji mwakhala?" adafunsa Gelevazio.

"Tilidikire limwe."

"Limwe mpaka liti?"

"Mpaka likhute. Ndikalikakamiza ndi hamala ndiswa injini. Khalani apo, a Ngozo, pali benchi."

Gelevazio adakhala pa benchi. Adaimirira. Adazungulira mtengo. Adapita kumsewu, adabwerera. Tsikulo lidali la msika, ndipo njinga za anzake zinkadutsa zitasenza matumba, zina zikutsika, zina zikukwera. Layitoni podutsa adaliza hutala n'kukuwa kuti, "Wagonekedwa m'chipatala namwali uja?" Gelevazio adatola kamwala, adakataya. Adafunsa a Sumani ngati lamwa. Iwo adati ayi. Adawerama n'kuliyang'ana yekha bawutilo, ngati kuti likaona nkhope yake lichita manyazi. Pomaliza adatopa n'kukhalanso pa benchi paja.

Nthawi imeneyo ndi imene a Potifala adatulukira kuseri kwa chigayo, manja ali kumbuyo. Adapereka moni kwa a Sumani. Adayang'ana njinga ili pachipika, zitsulo zili mbwee pansi. Kenako adayang'ana pa benchi.

"Akamwini, mwapumula?"

"Ayi apongozi, tikukonzetsa pang'ono."

"Oho. Tsiku la msika." Adagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani yomwe ankaiyembekezera, ndipo adapitiriza ulendo wawo.

Gelevazio asadapume n'komwe, adafika mayi Dolofina, wogula mbatatesi wopikulitsa ku Blantyre, amene katundu wake ankanyamula ndi Gelevazio nthawi zonse. Adali wefuwefu.

"A Ngozo, ndakufunani pasiteji ponse. Lole ili kutala, akuti ikangokwana 11 koloko ikunyamuka. Ndatsala ndi matumba atatu. Mundinyamulira kapena ndipatse wina?"

"Ndikubwera, mayi. Tsogolani mukaiimitse."

Mayi uja adakwera njinga ya Layitoni n'kutsogola. Gelevazio adatambasula dzanja kwa a Sumani.

"Kiyi."

"A Ngozo, bawuti la kumbuyo lilibe nati. Ndaidula, mwaona nokha."

"Ikani ina."

"Mazinga ake adadyeka, nati siigwira. Liyenera kutuluka, tiike latsopano ili."

"Si lakana kutuluka? Ndiye kuti lagwira. Ulendo umodzi wokha, ndikabwerako mumalize."

"Mverani. Mafuta ndathira aja akulowabe. Likamasuka silidzakufunsani kuti muli pati. Lidzatulukira panjira. Dikirani pang'ono, ntchito yatsala yochepa kuposa imene tachita."

"Mwawamva apongozi anga?"

"Ndawamva. Iwo sakwera njingayi."

"Achimwene, kiyi. Njinga ndi yanga."

A Sumani adatulutsa kiyi uja, koma sadamupatse m'manja. Adamuika pansi, pafumbi.

"Tolani nokha. Ndipo chipikacho chotsani nokha. Akazi anu akadzandifunsa ndidzanena kuti manja anga sadakhudze."

Gelevazio adatola kiyi, adakankha chipika ndi phazi, adakulunga kawaya kunsonga ya bawuti lija, n'kuliza njinga. Kumsika adakweza matumba atatu, awiri kumbuyo, limodzi pathanki. Poyamba njinga inkayenda bwino kuposa masiku onse, poti kutsogolo kudali kolimba. Iye adaseka yekha n'kunena mumtima kuti amakaniko amakonda kuopseza anthu.

Kuchoka pa Kamtsetse kupita kutala pali chitsikiro chachitali chokhotakhota, chokumbika ndi madzi, ndipo mbali imodzi kuli chigwembe chakuya. Gelevazio adatsika mothamanga, akuganiza za lole. Mabampu aja ankagwedeza bawuti lija, mafuta nawo adali atamaliza ntchito yawo. Kawaya kadaduka. Bawuti lidayamba kutuluka pang'onopang'ono, iye osadziwa. Pakona yachitatu adatsitsa giya, ndipo adamva gu wamkulu pansi pake. Injini idagwera kumbuyo n'kupotoka, tcheni chidadumpha n'kukola tayala, tayala lidauma gwa. Njinga, matumba ndi munthu zidapita kuchigwembe.

Atatsegula maso adaona mbatatesi ili balala, ina ikugubudukabe. Njinga idali itagona pamwala, injini itang'ambika pamimba, oyilo wakuda akutsikira mumchenga. Adayesa kuimirira, koma mwendo wamanja udapindika pomwe sipapindika. Adaitana. Kumwamba kumsewu njinga zinkadutsa, koma wokwera njinga yamoto samva kulira kwa munthu ali m'dzenje.

Ndiye adayamba kukwawa. Ankagwira udzu, udzu n'kuzuka. Ankagwira mwala, n'kudzikoka ndi zigongono, mwendo ukukhwekhwereka pambuyo. Dzuwa lidafika pamutu, nthawi imene a Sumani adati akadakhala atanyamuka ndi njinga yabwino, iye ali pakati pa chigwembe, pakamwa pali dothi. Lidapendeka, iye akukwawabe. Layitoni ndiye adamupeza pobwerera ulendo wake wachinayi, mutu ndi manja zitangotulukira m'mphepete mwa msewu. Tsiku limenelo Layitoni sadanene nthabwala.

Kuchipatala adamuika pulasitala, ndipo adakhala pakhonde pa mkazi wake miyezi itatu, mwendo uli tambalale, aliyense wopita kumjigo akumuona. Njinga adakaitulutsa ndi zingwe. A Sumani ataiona adati fulemu yapindika, injini yasweka, palibe chokonza. Idagulidwa ndi anthu ogula zitsulo zakutha.

Mwendo utagwira, a Potifala adaitanitsa ankhoswe aja. Nkhoswe ya kwa Gelevazio idayesa kupepesa. Idati ngozi siiona nkhope, ndipo mkamwini wawo sadali mlesi, mudzi wonse ndi mboni. Ankhoswe adamufunsa naSoko ngati ali ndi mawu. Iye adati:

"Ndidamufikitsa ndekha pansi pa mtengo. Kiyi ndidapereka ndi dzanja langali. Kodi ndikadachitanso chiyani, ndimumange ndi chingwe ngati mbuzi?"

Atatero adalira.

Adaitana a Sumani kuti anene ngati idali ngozi kapena ayi. Iwo adavula chipewa n'kunena mosathamanga, monga mwa chikhalidwe chawo.

"Ine ndinena za njinga, za banja sindizidziwa. Munthuyu ndidamuuza chimanga chili chiwisi, adati mawa. Ndidamuuza chikuuma, adati mawa. Tsiku lomaliza ntchito idatsala yoti ikadatha munthu asadamalize n'komwe kudya nzimbe imodzi, adati ndikabwerako. Ulesi alibe, zimenezo ndikana. Koma kwa ine dzina lake si Gelevazio. Ndi Zengerezu. Adalinda, adalinda, mpaka kwawukwawu m'chigwembe."

Palibe adaseka. Patatha masiku awiri Gelevazio adawoloka Livulezi ndi ndodo, bulangete lili paphewa. A Potifala palibe adawafunsa kuti nanga inu, mawu anu aja adathandiza chiyani. Eni mudzi safunsidwa, dziko lidakhala choncho, ndipo mudzaliona nokha mukakula.

Koma mawu a Sumani sadathere pabwalo paja. Akabaza adawatola. Wina akamayenda ndi mabuleki otha, anzake ankamuuza mawu omwewo. Amayi adawatengera kumjigo, kuwanenera mnzawo amene akusunga mwana wodwala m'nyumba kuti aona mawa. Adatsika phiri pamodzi ndi mbatatesi mpaka adafika m'mabuku mwanumo:

Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kuzengereza ndi kukankhira mawa chinthu chofunika kuchitika lero. Kwawukwawu ndi kukwawa kwa munthu amene kuyenda kwamukanika. Mwambiwu ukunena kuti vuto ukalisiya silikhala pomwe udalisiya. Limakula, ndipo tsiku limene lidzakukakamize kulisamala lidzakupeza ulibenso miyendo.

Kusukulu adzakuuzani kuti Zengerezu ndi munthu waulesi, wogona dzuwa lili pamutu. Amenewo sadamuone. Zengerezu weniweni ankadzuka tambala asadalire, ndipo pa Kamtsetse padalibe munthu wothamanga ngati iye. Ankachita ntchito zonse kupatula imodzi yokha, ija yofuna kuti akhale pa benchi anthu akumuona. Tsono inu, chinthu chikayamba kugwedera, kaya ndi dzino, kaya ndi denga, kaya ndi injini, imani mukonze. Odutsa anene zimene anene. Iwo akanena amapita kwawo ndi miyendo yawo iwiri.